Ulusi wa Nsapato Pabala la Galu

Wokondedwa mlongo wanga Kamakani,

Ndayamba dala ndi dzina lako laubwana, chifukwa masiku ano likukukhala kuposa kale. Uli bwanji kumeneko? Alamu anga ali bwanji, nanga kakhanda kaja kayamba kukwawa? Kuno tadzuka. Ana akupita kusukulu, ntchito yanga yoluka tsitsi ikuyenda pang'onopang'ono monga mwa masiku onse. Bambo nawo alipo, koma za iwo ndifotokoza bwino m'munsimu.

Funso langa lenileni ndi ili: chala chako chachikulu cha kudzanja lamanja chili bwanji? Chija anakuluma galu wako tsiku lomwe unkanyamuka kuno, iwe n'kuchikulunga ndi tepi yakuda yomangira mawaya a magetsi.

Galu uja wafa, ndipo wafa ndi chiwewe. Ndalemba zimenezi koyambirira komwe kuti ngati ung'ambe kalatayi ndi mkwiyo, ukhale utaziwerenga kale.

Ndikudziwa kuti sukufuna kumva mawu anga. Unandibuloka pafoni. Alamu nditawaimbira, anati anakuuza, iwe n'kuseka, uti chala chinapola kalekale ndipo achemwali amakonda kukuza nkhani. Ndiye ndabwerera ku pepala ndi cholembera ngati kale. Kalatayi ndapatsira a dalaivala a lole aja oyandikana nafe nyumba, ndipo ndawauza kuti asapatse munthu wina aliyense koma iwe, m'manja. Pepala sungalibuloke.

Tsopano khala pansi ndikuuze mmene zinayendera, poti iwe unangomva mbali imodzi.

Galu wako unamutcha Kapitawo, uti aziyang'anira simenti ndi malata panyumba yako yosathayo. Unamumanga ndi tcheni pamzati wa khonde, n'kupempha Bambo kuti azikamupatsa chakudya m'mawa uliwonse asanapite kukhonde la sitolo kumene amasokera nsapato. Bambo anailandira ntchitoyo ndi manja awiri. Ukanawaona mmene ankayendera ndi kapoto ka galuyo, ngati anyamula mazira. Aliyense wokumana naye ankamuuza kuti akupita kukaona za mwana wawo wa zamagetsi uja, amene akumanga nyumba ya zipinda zambiri.

Loweruka lina ndinapita kukatenga zovala zawo kuti ndichape. Pakati pa zovalazo panali thalauza lawo lotuwa lija. Mwendo wake umodzi unali wosokedwa bwinobwino kumbuyo ndi ulusi wa nsapato, ndipo nsalu yozungulira msokowo inali itauma gwa ndi magazi.

Nditawafunsa, anati anakodwa ndi waya. Nditafunsa chifukwa chimene ankatsimphinira, anati ndi nyamakazi. Ndinawauza kuti nyamakazi sing'amba thalauza. Ndinagwada n'kupinda thalauza lomwe anavala, iwo akukalipa kuti ndasowa ulemu, mwana sagwira mwendo wa bambo ake ngati akugula mbuzi.

Mlongo wanga, silinali bala la waya. Mano a galu analowa pakatumba n'kung'amba mnofu. Ndiye Bambo anatenga singano yawo yaikulu yosokera nsapato ija, ndi ulusi wakuda wopaka phula, n'kudzisoka okha. Atamaliza anapaka guluu pamwamba, monga amachitira soli ikamasuka. Mwendo unali utatupa, ukutentha, ndipo fungo lomwe linkatuluka silinali la guluu yekha.

Ndipo usaganize kuti anachita manyazi. Anandiuza kuti ndione mmene msoko wawongokera. Ati ndi dokotala uti angasoke chotero kumbuyo kwa mwendo wake womwe, popanda ndi galasi lomwe. Ndinafuna kuseka, ndinafunanso kulira, koma chimene chinatuluka ndi ukali.

Inu amuna a m'banja muno mumayesa thupi la munthu ndi katundu wa kasitomala. Wina kusoka n'kumata, wina kukulunga tepi ngati waya woduka. Amayi akanakhala ndi moyo akanakukokani makutu nonse awiri.

Bambo ndinawakhazika pampando pafupi ndi mpopi, n'kutsegula madzi, n'kutenga sopo yemwe ndinabwera naye wochapira. Chinthu chimodzi chokhachi ndinkachidziwa, ndinachimva pawailesi tsiku lina ndikuluka kasitomala, kuti bala la galu limafuna sopo ndi madzi oyenda kwa nthawi yaitali. Koma madziwo ankangotsetsereka pamwamba pa guluu. Ntchito ya Bambo madzi salowa, makasitomala awo amawatamira zomwezo.

Ndinaitana wanjinga yamoto kuti tipite kuchipatala. Bambo anakana kwamtuwagalu. Ndipo apa ndi pamene ndikufuna umvetsetse, Kamakani, chifukwa sanakane poopa jakisoni ayi. Anakana poopa iwe.

Anati achipatala akamva, auza a zaziweto, ndipo a zaziweto adzatenga galu. Nanga mwana adzati chiyani? Anati unawasiyira chinthu chimodzi chokha choti asunge. Ukamva kuti alephera kusunga ndi galu yemwe, uziti nkhalamba yatha ntchito. Anatchulanso chipinda chija unawalonjeza, cha windo loyang'ana kumsewu. Ankalankhula maso ali pansi, akupotokola chipewa m'manja. Zinandipweteka kwambiri kuona munthu amene anatiphunzitsa sukulu ndi singano akuopa mwana wake chotero.

Koma chisoni sichinandifoole. Ndinawauza kuti akakana kukwera, ndiima pamsewu n'kukuwa kuti anthu onse abwere adzaone wosoka nsapato amene waika soli pamwendo wake. Amandidziwa kuti ndikhoza. Anakwera.

Kuchipatala tinapeza namwino wina wachikulire, wa imvi pang'ono, wosachedwa kupsa mtima. Ataona mwendowo anafunsa kuti wasoka ndani. Bambo anakweza dzanja ngati mwana wasukulu amene wadziwa yankho. Namwinoyo anati msoko ndi wokongoladi, koma chimene achita ndi kutsekera malovu a galu m'thupi n'kukhoma chitseko.

Anadula ulusi wonse, n'kumatula guluu. Kenako anatsuka balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi khumi ndi zisanu, akuyang'ana wotchi ya pakhoma. Bambo analuma chipewa chawo, koma sanalire. Akutsuka choncho, namwinoyo ankalankhula ndi ine, ngakhale mawuwo ankapita kwa Bambo. Anati galu akaluma munthu, choyamba n'kutsuka pompopompo monga mmene ankachitiramo, kenako kubwera kuchipatala tsiku lomwelo. Osathirapo mchere, osapakapo phulusa, osamanga zolimba, ndipo makamaka osasoka. Anati ngakhale iwo achipatala bala la galu sathamangira kulisoka.

Analisiya lotseguka, n'kungoliphimba ndi kansalu kopepuka. Anawabaya jakisoni wa kafumbata, wina mozungulira bala, ndi woyamba wa katemera wa chiwewe. Anawapatsa mapiritsi a kutupako, n'kutiuza masiku obwerera kudzalandira majakisoni otsala. Anati onse ayenera kutha, osasiyira panjira. Pomaliza ananena mawu amene sakuchoka m'mutu mwanga, ndipo sanawafewetse n'komwe. Anati chiwewe chikangoyamba kuonekera mwa munthu, palibe chipatala chimene chingamubweze.

Atafunsa za galuyo, m'pamene Bambo anamasuka. Anati Kapitawo anali atasintha. Anasiya kudya, ankatafuna tcheni ndi njerwa, ndipo kuuwa kwake kunasasa. Tsiku limene anawaluma sanachite kuwopseza ayi, anangowagwira mwakachetechete, munthu yemwe ankamudyetsa. Anakumbukiranso kuti masabata angapo m'mbuyomo, iwe usanabwere kudzaona nyumba, galu wina woyendayenda analowa pobooka pa mpanda n'kumenyana naye mpaka kumung'amba khutu. Za katemera, Bambo anati mwini galu anati wogulitsa anati anabayitsa. Namwino anangopukusa mutu.

Tsopano ndifike pa mlandu wanga. Inde, ndine amene ndinapita kwa dokotala wa ziweto. Sanandikakamize munthu, ndinapita ndi miyendo yanga. Anabwera ndi ndodo yaitali ya chingwe kumapeto, n'kumutenga Kapitawo kukamutsekera m'khola lawo. Anandiuza kuti galu woluma munthu sathamangira kumupha. Amamusunga n'kumamuyang'ana, ndipo akakhala bwino amabwerera kwa mwini wake.

Ndinapita kukamuona kamodzi. Galu wako sindinkadana naye, ndipo zimene ndinaona zinandimvetsa chisoni. Dovu linkangotsika, nsagwada ili lende, miyendo yakumbuyo akuikoka. Sanathe masiku ambiri. Atafa anayeza mutu wake, ndipo dzana andiuza kuti chinali chiwewe, popanda kukayika.

Ndamva kuti chimene chakupweteka kwambiri ndi mafelemu a mawindo. N'zoona, galu atachoka akuba analowa n'kutenga mafelemu. Ndikudziwa mmene unavutikira kuwapeza, kukwera mapolo dzuwa likuswa mtengo. Koma ngati ukudikira kuti ndipepese, udikira mpaka kakhandako kamere ndevu. Sindipepesa. Zitachitikanso mawa ndikhoza kupitanso kwa dokotala wa ziweto yemweyo, mothamanga kuposa poyamba. Felemu amawotcherera ina, koma Bambo tili nawo amodzi.

Ukudabwa kuti za chala chako ndinazidziwa bwanji? Unanena wekha. Tsiku lomwe unawaimbira Bambo utamva za akuba, anakweza mawu a foni poti makutu awo ayamba kuvuta, ndipo ine ndinali pomwepo ndikutsuka mbale. Ndinamva zonse.

Unati galu wako sanadwale, anangolusa chifukwa cha tcheni ndi njala. Unati achemwali sanakondwepo chiyambire kuona mlongo wawo akumanga nyumba. Zimenezo ndinazimeza, ngakhale ndine amene ndinakusungira matumba a simenti m'chipinda changa cholukira tsitsi mvula yonse, makasitomala akumakhalira pamatumbapo. Koma kenako unati iwenso anakuluma pomumanga tcheni, bwanji sunafe?

Mbale inandipulumuka m'manja. Bambo ndi amene anandifotokozera zotsala, za magazi amene unangopukutira pathalauza ndi tepi yakuda ija. Ndinakuimbira nthawi yomweyo. Unayankha kamodzi, n'kudula ndisanamalize moni, ndipo chichokereni pamenepo foni yako siinandilolenso.

Tsopano tamva chimene mawu ako achita kuno. Bambo akana kupitiriza majakisoni. Alandira awiri, wachitatu ndi Lachisanu likubwerali, ndipo akuti sapita. Ndawauza zimene apeza a zaziweto, koma akuti mwini galu wanena kuti galu sanadwale. Akuti mwana wawo analumidwa ndi galu yemweyo, sanabayitse kanthu, ndipo akukwera mapolo bwinobwino. Akuti akapitanso kuchipatala ndiye kuti akuvomereza kuti mwana wawo ndi wabodza.

Waona, Kamakani? Chala chakocho chasanduka umboni wawo. Ine ndikhoza kubwera ndi madokotala onse a m'dziko, koma Bambo aziloza chala chako basi.

Ndinabwerera kwa namwino uja kukafunsa za iwe. Ndinamuuza kuti chala chinapola. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Anati kupola kwa khungu sikutanthauza kanthu, matendawa amayenda mwakachetechete mkati, ndipo angathe masabata kapena miyezi munthu akudziona wamphamvu. Anati bala la pachala, ngakhale laling'ono, ndi loopsa kwambiri. Nditafunsa ngati tachedwa kale, anati malinga ngati munthu sanayambe kudwala, apite lero lomwe, ndipo akawauze achipatala kuti galu amene anamuluma anapezeka ndi chiwewe. Anabwereza kuti lero, osati ntchito ikachepa.

Bambo ndathana nawo mwanjira yanga. Ndawalanda bokosi la zipangizo, singano, ulusi, guluu, mpeni, zonse, n'kulitsekera pansi pa tebulo kuntchito kwanga. Ndawauza kuti nsapato ya munthu sadzaigwira mpaka majakisoni atatha. Makasitomala awo akubwera kwa ine kudzadandaula. Mphunzitsi wina anabwera atavala masilipasi, ati nsapato zake zakuntchito zili kwa Bambo. Ndinamuuza kuti akawauze Bambowo akabayitse, nsapato azipeza.

Ndiye panopa amuna awiri a m'banja muno sakundilankhula. Bambo ndikawapititsira chakudya amatembenuzira nkhope kukhoma, koma mbale imabwera yoyera. Anzanga ndikumawauza kuti makutu anga apumako.

Koma kwa iwe sindinama. Ndili ndi mantha, mlongo wanga. Dzulo ndinaluka mzere wokhota mpaka kasitomala anandifunsa ngati ndikudwala. Foni ikalira ndimaganiza kuti ndi alamu akundiuza kuti wayamba kutentha thupi. Ndikawaona Bambo akumwa madzi ndimawayang'ana pakhosi mpaka ameze, chifukwa namwino anati wodwala chiwewe madzi amamukanika. Amayi tinawaika kale. Sindikufuna kuikanso anthu awiri chifukwa cha galu mmodzi ndi makani.

Chimene ndikupempha n'chochepa. Ukamaliza kuwerenga kalatayi, usaipinde bwino, usadikire kuweruka. Uwauze akuntchito kuti walumidwa ndi galu wachiwewe, palibe angakuletse. Upite kuchipatala chimene chili pafupi. Akakubaya, ukhale pabenchi pomwepo uwaimbire Bambo. Uwauze kuti wabayitsa. Sukufunika kunena kuti achemwali ankanena zoona, zimenezo ndilibe nazo ntchito. Ungonena kuti wabayitsa, ndipo nawonso apite Lachisanu. Uwauzenso kuti chipinda chawo cha windo loyang'ana kumsewu chikadali chawo, felemu ilipo kapena palibe. Mawu amenewo akuwadikira kuposa mmene ukuganizira.

Ukatero, ngati ukufuna kupitiriza kundikwiyira, pitiriza. Usandiitane tsiku lolowa nyumba. Uziwauza anthu kuti mlongo wako ndi wansanje, anakuphetsera galu n'kukubetsa mafelemu. Ndipirira. Ndikufuna undide uli moyo, zaka zambirimbiri, mpaka tonse mano atatha mkamwa.

Lachisanu Bambo ndiwatengera kuchipatala, uimbe kapena usaimbe. Ngati kukhale kuwamangirira panjinga yamoto ndi ulusi wawo womwe, ndiwamangirira. Koma ndikudziwa kuti tsiku lotsatira la jakisoni adzandithawa, ndipo mawu ako okha ndi amene angawakhazike pabenchi ija mwa kufuna kwawo. Iweyo ndiye sindingakunyamule, uli kutali ndipo unakula.

Ukukumbukira uli wamng'ono, utaponda msomali kuseri kwa sitolo? Amayi anali kuntchito, Bambo ali ndi nsapato za anthu, ndiye ndinakubereka ine kupita nawe kuchipatala. Utamva kuti kuli jakisoni unalira njira yonse, ukundimenya ndi zidendene. Titafika pageti unandiluma paphewa mpaka magazi. Chipsera chake chikadalipo, ana anga amachifunsa ndikamavala. Tsiku limenelo sindinakutsitse, Kamakani. Ndinalowa nawe mano ako ali m'phewa langa, ndipo lero sindikutsitsanso.

Undiperekere moni kwa alamu, uwauze kuti ndilibe nawo chifukwa. Kakhandako ukapsompsone m'malo mwanga. Ana kuno akupereka moni kwa amalume awo. Mulungu akusunge, akufewetse mutu pang'ono pokha, ndipo akuyendetse bwino panjira ya kuchipatala.

A dalaivala ndawapempha kuti asadzutse lole mpaka atakuona wavala nsapato.

Ndine mlongo wako wamkulu,
uja unamuluma paphewa.